Kagawidwe ka mphamvu ya magetsi m'kati mwa foni za m'manja ndi phindu lake kumadera monga Nzama

Ntchito zambiri za boma kumadera a kumidzi zikudalira foni za m'manja ndi matabuleti. Kutalika kwa nthawi imene zipangizozi zimagwira ntchito zisanathe moto kumadalira kwambiri tizipangizo towongolera mphamvu ya magetsi tomwe tili m'kati mwake.

Anthu ambiri akamagula foni amayang'ana kukula kwa batire basi. Koma akatswiri a zamagetsi anapeza kalekale kuti mafoni awiri okhala ndi mabatire ofanana angathe kusiyana kwambiri pa kasungidwe ka moto, malinga ndi momwe foni iliyonse imagawira mavolti ku purosesa, chomwe ndi chipangizo chimene chimawerengera ndi kulamulira zonse zochitika m'foni.

Nkhaniyi ikukhudza alangizi a zaumoyo, alangizi a zaulimi, aphunzitsi aakulu ndi makalaliki a mafumu amene amatumiza malipoti pafoni, komanso akuluakulu a m'maunduna ndi m'makhonsolo amene amavomereza kugula zipangizozi ndi ndalama za boma.

Nzama ndi nkhani ya magetsi

Nzama ili m'dera lamapiri la boma la Ntcheu, kufupi ndi malire a Malawi ndi Mozambique. Malowa amadziwika m'mbiri chifukwa ndi pomwe ansembe a chipani cha Montfort anakhazikitsa mishoni m'chaka cha 1901, yomwe inakhala mishoni yoyamba yokhazikika ya mpingo wa Katolika m'dziko muno.

Kalembera wa anthu ndi nyumba wa m'chaka cha 2018 anapeza kuti boma la Ntcheu linali ndi anthu 659,608. Kalembera yemweyo anaonetsa kuti m'dziko lonse mabanja pafupifupi 11 okha mwa mabanja 100 alionse ndiwo ankaunikira magetsi, pomwe mabanja oposa theka anali ndi foni ya m'manja.

Kusiyana kwa ziwerengero ziwirizi ndiye gwero la vuto. Mabanja ambiri okhala ndi foni analibe soketi ya magetsi m'nyumba, ndipo m'midzi yambiri ya m'bomali anthu amatchaja pa sola, pa batire la galimoto, kapena amalipira kwa ochita malonda otchajitsa mafoni pamalo ochitira malonda.

Boma nalo lakhala likuika ntchito zake pa zipangizo zoyendera batire. Kalembera wa 2018 anachitika pogwiritsa ntchito matabuleti. Kalembera wa ziphaso za unzika wa m'chaka cha 2017 anagwiritsa ntchito makina omwe ankatchajidwa ndi sola. Pamene ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP inayamba m'chaka cha 2020, ogulitsa feteleza ankatsimikizira alimi pogwiritsa ntchito foni. Pantchito zotere, foni ikazima masana ndiye kuti anthu amene ayenda mtunda wautali abwerera kwawo osathandizidwa.

Volti, ampeya ndi wati

Magetsi amayezedwa ndi miyezo itatu imene iyenera kusiyanitsidwa. Volti ndi muyezo wa mphamvu imene imakankha magetsi m'nthambo. Ampeya ndi muyezo wa kuchuluka kwa magetsi amene akudutsa. Wati ndi muyezo wa ntchito imene magetsiwo akugwira, ndipo imapezeka pochulukitsa mavolti ndi maampeya.

Anthu a ku Ntcheu angamvetse izi poona madzi a m'damu la Mpira, omwe amatsika okha m'mapaipi kuchokera kumapiri mpaka kukafika ku Balaka. Mphamvu imene madziwo amakankhira paipi ili ngati mavolti, ndipo kuchuluka kwa madzi otuluka pampopi kuli ngati maampeya. Madzi akatsika phiri lalitali popanda thanki yochepetsa mphamvu yake, mapaipi a kumunsi amaphulika. Mphamvuyo ikachepa kwambiri, madzi safika pampopi.

Chowongolera mavolti chimagwira ntchito yofanana ndi thanki imeneyi. Chimalandira magetsi amphamvu ndiponso osakhazikika, n'kutulutsa magetsi a muyezo weniweni umene chipangizo chikufuna, kaya chipangizocho chikukoka magetsi ambiri kapena ochepa.

Ulendo wa magetsi kufika mu purosesa

Magetsi ambiri a m'dziko muno amapangidwa ndi kampani ya EGENCO pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo bungwe la ESCOM limawanyamula ndi kuwagawa. Nthambo zomangidwa kuti zizinyamula mavolti 400,000 kuchokera ku Phombeya m'boma la Balaka kupita ku Nkhoma m'boma la Lilongwe zimadutsa m'boma la Ntcheu. Nthambozi zinamangidwa ndi thandizo la dziko la America pansi pa mgwirizano wa Millennium Challenge umene unatha m'chaka cha 2018.

Mathiransifoma amatsitsa mavolti pang'onopang'ono, kudutsa pa 33,000 kapena 11,000, mpaka kufika pa mavolti 230 a pasoketi ya m'nyumba. Tchaja ya foni imatenga mavolti 230 aja, omwe amasinthasintha kolowera, n'kuwasandutsa mavolti 5 oyenda njira imodzi. Matchaja othamanga amakweza muyezowu kufika pa 9, 12 kapena 20, koma amatero pokhapokha atagwirizana kaye ndi foniyo kudzera m'chingwe.

M'kati mwa foni muli batire la lithium, la mtundu umene kampani ya Sony inayamba kugulitsa m'chaka cha 1991. Batireli likadzaza limakhala ndi mavolti apakati pa 4.2 ndi 4.5, malinga ndi kapangidwe kake, ndipo limatsika pamene likugwira ntchito mpaka foni itazima mavolti akayandikira 3.

Purosesa yamakono siingalandire mavolti amenewa. Imagwira ntchito pa volti imodzi kapena kucheperapo, nthawi zina kutsika mpaka theka la volti. Zigawo zina za foni zimafunanso miyezo yawoyawo: memori ili ndi muyezo wake, kamera wake, sikirini wake, ndipo chigawo cholankhulana ndi nsanja ya netiweki chili ndi wakenso.

Ntchito yogawa miyezo yonseyi imagwiridwa ndi chip yapadera yotchedwa PMIC, imene imakhala pafupi ndi purosesa. Chip imeneyi imatulutsa mizere ya magetsi yoposa 20 m'mafoni ambiri amakono, komanso imayang'anira katchajidwe ndi kutentha kwa batire. Amisiri okonza mafoni m'misika amaitchula kuti power IC, ndipo ikapsa foni siyaka ngakhale batire litakhala latsopano.

Chifukwa chimene mavolti ayenera kuchepa

Purosesa imapangidwa ndi matiranzisita, tomwe ndi timaswitchi tosaoneka ndi maso timene timatseguka ndi kutsekeka kambirimbiri pa sekondi imodzi. Purosesa ya Intel 4004 ya m'chaka cha 1971 inali ndi matiranzisita 2,300 ndipo inkayendera mavolti 15. Purosesa ya A17 Pro imene kampani ya Apple inatulutsa m'chaka cha 2023 ili ndi matiranzisita 19 biliyoni.

Tiranzisita iliyonse ikatseguka kapena kutsekeka imadya kamphamvu kochepa, ndipo kamphamvuka kamakula malinga ndi mavolti atachulukitsidwa ndi mavolti omwewo. Choncho kutsitsa mavolti kuchoka pa 1.0 kufika pa 0.8 kumachepetsa mphamvu yodyedwa ndi magawo 36 mwa magawo 100 alionse. Liwiro la purosesa likatsitsidwanso ndi magawo 20 mwa 100, mphamvu yodyedwa imatsika pafupifupi ndi theka.

M'chaka cha 1974, Robert Dennard ndi anzake a ku kampani ya IBM anaonetsa kuti matiranzisita akamachepetsedwa msinkhu, mavolti nawo angatsitsidwe mofanana, kotero kuti chip siitentha kuposa kale ngakhale matiranzisita atachuluka. Lamuloli linagwira ntchito kwa zaka pafupifupi 30. Makompyuta anachoka pa mavolti 5 a m'zaka za m'ma 1980, kufika pa 3.3 m'zaka za m'ma 1990, kenako kuyandikira volti imodzi.

Cha m'ma 2005 zinthu zinasintha. Matiranzisita anachepa kwambiri moti anayamba kudontha magetsi ngakhale atatsekedwa, ndipo kutsitsa mavolti mopitirira kunakhala kovuta. Kuyambira pamenepo akatswiri anaika mtima pa njira ina: kupereka kwa purosesa mavolti okhawo amene ikufunikira pa mphindi imeneyo, osapitirira.

Njirayi imatchedwa DVFS. Foni ikakhala m'thumba, liwiro ndi mavolti zimatsika kwambiri ndipo zigawo zina zimazimitsidwiratu. Mwini wake akatsegula fomu ya lipoti kapena kujambula chiphaso, mavolti amakwera, ntchito n'kugwiridwa, kenako amatsikanso. M'chaka cha 2011 kampani ya Arm ya ku Cambridge inawonjezera njira yotchedwa big.LITTLE, yomwe imaika m'purosesa imodzi zigawo zamphamvu ndi zigawo zosadya moto, kuti ntchito zopepuka zizigwiridwa ndi zigawo zosadya moto.

Mitundu itatu ya zowongolera mavolti

Mtundu woyamba umatchedwa LDO. Umagwira ntchito ngati mpopi wotsekedwa pang'ono: umapanikiza magetsi kuti mavolti atsike, ndipo mphamvu yotsalayo imasanduka kutentha. Ndi waung'ono, wosavuta kupanga, ndipo umatulutsa magetsi osalala amene makamera ndi zigawo za wailesi zimafuna. Kuipa kwake n'kwakuti umawononga mphamvu ngati kusiyana kwa mavolti kuli kwakukulu. Potsitsa mavolti 3.8 kufika pa 0.9, magawo 24 okha mwa 100 ndiwo amagwira ntchito. Koma potsitsa 1.0 kufika pa 0.9, magawo 90 amagwira ntchito.

Mtundu wachiwiri umatchedwa buck converter. Umadula magetsi m'tizidutswa potsegula ndi kutseka switchi mamiliyoni angapo pa sekondi, ndipo koyilo ndi kapasita zimasalaza tizidutswato kuti tikhale mavolti otsika okhazikika. Umasunga magawo 80 mpaka 90 kapena kuposerapo mwa magawo 100 a mphamvu, ngakhale kusiyana kwa mavolti kutakhala kwakukulu. Vuto lake lili pa koyilo, yomwe imafuna malo ndipo n'kovuta kuipanga pa silicon.

Mtundu wachitatu umagwiritsa ntchito makapasita okhaokha popanda koyilo. Makapasitawa amadzazidwa ali pamzere umodzi n'kukhuthulidwa ali mbali ndi mbali, motero mavolti amagawika pakati kapena patatu. Sawononga mphamvu kwenikweni akamagwira ntchito pa magawo okhazikika amenewa, n'chifukwa chake agwiritsidwa ntchito kwambiri m'mafoni otchaja mothamanga.

Kulowetsa chowongolera m'kati mwa chip

Kwa zaka zambiri zowongolera zonse zinkakhala kunja kwa purosesa. Kuziika kunja kuli ndi zovuta zinayi zimene zakula pamene mapurosesa akhala akuthamanga.

Choyamba ndi kuchedwa. Chowongolera cha kunja chimatenga mamaikulosekondi khumi kapena kuposerapo kuti chisinthe mavolti, ndipo maikulosekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1 miliyoni a sekondi. Kwa munthu nthawi imeneyi siioneka, koma purosesa yothamanga masitepe 2 biliyoni pa sekondi imakhala itaponya masitepe 20,000. Ntchito zambiri zing'onozing'ono zimayamba ndi kutha mavolti asanasinthe.

Chachiwiri ndi kugwa kwa mavolti modzidzimutsa. Purosesa yodya mawati 5 pa volti imodzi imakoka maampeya 5, ofanana ndi amene nsimbi yamagetsi ya mawati 1,150 imakoka pasoketi ya mavolti 230. Purosesa ikadzuka mwadzidzidzi n'kukoka magetsi ochuluka chotere kudzera m'timawaya topyapyala, mavolti amagwa kwa kanthawi, monga momwe madzi amachepera pampopi wa kumtunda mipopi yonse ya kumunsi ikatsegulidwa nthawi imodzi. Mavolti akagwa kupitirira malire, purosesa imalakwitsa masamu kapena foni imazima. Pofuna kupewa izi, opanga amaika mavolti owonjezera ngati chitetezo, ndipo owonjezerawo amadya batire nthawi zonse.

Chachitatu ndi kugawana mzere umodzi. Purosesa ya foni yamakono imakhala ndi zigawo zowerengera zisanu ndi zitatu kapena kuzungulira pamenepo. Zigawo zingapo zikamadyera mzere umodzi, zonse zimalandira mavolti amene chigawo chotanganidwa kwambiri chikufuna, ngakhale zinazo zikungokhala.

Chachinayi ndi malo. Makoyilo ndi makapasita a kunja amatenga gawo lalikulu la bolodi ya foni, malo omwe akanapatsidwa kwa batire.

M'chaka cha 2008, Wonyoung Kim pamodzi ndi aphunzitsi ake Gu-Yeon Wei ndi David Brooks a pa yunivesite ya Harvard ku America anafalitsa kafukufuku woonetsa kuti chowongolera chitaikidwa pa chip yomweyo, chigawo chilichonse n'kupatsidwa mavolti akeake, mphamvu yambiri ingapulumutsidwe. M'chaka cha 2011 iwo anaonetsa chipangizo chenicheni chimene chinkalandira mavolti 2.4 n'kutulutsa muyezo uliwonse pakati pa 0.4 ndi 1.4. Chipangizochi chinkatha kukweza kapena kutsitsa volti imodzi yathunthu pasanathe mananosekondi 20, ndipo nanosekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni a sekondi. Kwa purosesa ija, nthawi imeneyi ndi masitepe 40 okha.

Kim pambuyo pake anakhala mmodzi mwa oyambitsa kampani ya Lion Semiconductor, yomwe inkapanga zowongolera za makapasita zothandiza kutchaja mafoni mothamanga. Kampani ya Cirrus Logic inaigula m'chaka cha 2021 pa mtengo wa madola 335 miliyoni a ku America.

Makampani akuluakulu nawo anatsata njirayi, aliyense mwa kachitidwe kake. Kampani ya Qualcomm, m'mapurosesa a mafoni a Snapdragon S4 a m'chaka cha 2012, inalola chigawo chilichonse kukhala ndi liwiro lake ndi mavolti ake. Kampani ya Intel, m'mapurosesa a Haswell a m'chaka cha 2013, inaika chowongolera chotchedwa FIVR m'kati mwa purosesa. Chinkalandira mavolti pafupifupi 1.8 n'kuwagawa m'miyezo yosiyanasiyana, chikutsegula ndi kutseka maulendo 140 miliyoni pa sekondi. Liwiro lotereli linachititsa kuti makoyilo akhale aang'ono kwambiri n'kukwana m'chikuto cha purosesa.

Njirayi siinayende mosalala. Intel inachotsa FIVR m'mapurosesa a Skylake a m'chaka cha 2015, n'kudzaibwezeranso m'mapurosesa a malaputopu a Ice Lake m'chaka cha 2019. Kampani ya AMD inasankha kuika zowongolera za mtundu wa LDO m'kati mwa mapurosesa ake a Zen kuyambira m'chaka cha 2017.

Chimene chimavuta ndi chakuti chowongolera chilichonse chimataya mphamvu ina ngati kutentha, ndipo chikakhala m'kati mwa purosesa kutenthako kumawonjezera pa malo amene ndi otentha kale. Foni ilibe fani yoiziziritsa. Komanso malo a pa silicon ya purosesa ndi okwera mtengo kwambiri, ndipo matiranzisita ake opyapyala sangapirire mavolti 4 a batire.

Pachifukwa ichi, mafoni ambiri a masiku ano amagawa ntchitoyi pawiri. PMIC ya kunja imatsitsa mavolti a batire kufika pafupi ndi volti imodzi. M'kati mwa purosesa muli timaswitchi tozimitsa zigawo zosagwira ntchito, tizipangizo toyeza mavolti ndi kutentha, njira zochepetsa liwiro kwa kanthawi mavolti akagwa, ndipo m'mapurosesa ena mulinso zowongolera zing'onozing'ono zomalizitsa ntchitoyo. Kagawidwe kameneka kafikanso pa mapurosesa a MediaTek ndi Unisoc, omwe ali m'mafoni ambiri a Tecno, itel ndi Infinix ogulitsidwa m'dziko muno, ngakhale kuti mafoni otsika mtengo amakhala ndi mizere yochepa ndiponso matiranzisita a kapangidwe kakale.

Batire lokalamba ndi nyengo yozizira

Chowongolera chimagwira bwino ntchito pokhapokha batire likamatha kupereka magetsi amene akufunika. Batire likamakalamba limayamba kukaniza magetsi m'kati mwake, kotero kuti purosesa ikakoka kwambiri mavolti a batirelo amagwa. Apa m'pamene foni imazima mwadzidzidzi ikuonetsa kuti moto udakalipo.

Kuzizira kumakulitsa vutoli chifukwa mankhwala a m'batire amagwira ntchito pang'onopang'ono kukazizira. Madera okwera a Ntcheu monga Nzama, Tsangano ndi Lizulu amazizira kwambiri m'miyezi ya Juni ndi Julaye, ndipo foni ya batire lotopa ingazime m'mamawa n'kudzayakanso bwinobwino ikafunda m'thumba.

Nkhani imeneyi inadziwika padziko lonse mu Disembala 2017, pamene kampani ya Apple inavomera kuti inkachepetsa liwiro la mafoni ena a iPhone okhala ndi mabatire okalamba pofuna kupewa kuzima kotereku. Kampaniyi inatsitsa mtengo wosinthira batire kuchoka pa madola 79 kufika pa 29, ndipo m'chaka cha 2020 dziko la France linailipiritsa chindapusa cha mayuro 25 miliyoni chifukwa chosadziwitsa ogula. Phunziro kwa osunga katundu wa boma n'lakuti foni yochedwa kapena yozimazima nthawi zambiri imafunika batire latsopano, osati kutayidwa.

Kutentha ndiko kumakalambitsa batire msanga. Opanga mafoni amalangiza kuti zipangizozi zisagwire ntchito pa kutentha kopitirira madigiri 35. Foni yosiyidwa padzuwa pafupi ndi sola ikutchaja, kapena pansi pa malata masana a mu Okutobala, imawonongeka batire ngakhale tchaja yake itakhala yabwino.

Zimene chowongolera sichingateteze

Zowongolera za m'foni zinapangidwa kuti zizilandira magetsi amene adutsa kale m'tchaja yabwino. Tchaja yovomerezeka imalembedwa kuti imalandira mavolti apakati pa 100 ndi 240, choncho imapirira magetsi a ESCOM akatsika mphamvu. Imakhalanso ndi mpata wolekanitsa mbali ya mavolti 230 ndi mbali ya foni. Matchaja achinyengo amachepetsa mpata umenewu ndi kuchotsa zida zina zotetezera, zomwe zingawotche PMIC, kuyambitsa moto kapena kugwiritsa munthu shoko.

Sola yolembedwa mavolti 12 imatulutsa mavolti apakati pa 18 ndi 22 ikakhala padzuwa popanda cholumikizidwa. Kulumikiza foni ku sola yotere kapena ku batire la galimoto ndi mawaya odula, popanda chotsitsira mavolti kufika pa 5, kumawononga foniyo. Njira yoyenera ndi yakuti sola idutse mu kontirola, kontirola idzaze batire, ndipo foni itchajidwe pa kabowo ka USB.

Kutchaja kudzera pa inveta kumataya mphamvu kawiri, chifukwa mavolti 12 amakwezedwa kufika pa 230 kenako tchaja n'kuwatsitsanso kufika pa 5. Pamalo pamene pali sola yaing'ono, kutchaja molunjika pa USB kumatchajitsa mafoni ambiri patsiku.

Masamu ake ndi osavuta. Batire la foni lolembedwa 5,000 mAh limasunga mphamvu yokwana mawati pafupifupi 19 kwa ola limodzi. Sola ya mawati 20 ikalandira dzuwa lamphamvu kwa maola asanu imapanga mphamvu yokwana mawati 100 kwa ola limodzi, ndipo zotayika zikachotsedwa imadzaza mafoni otere atatu kapena anayi. Ofesi kapena chipatala chaching'ono chokhala ndi matabuleti khumi chiyenera kuwerengera motere chisanagule sola.

M'nyengo ya mvula, mphenzi zimatha kutumiza mavolti ochuluka kwambiri m'nthambo za magetsi. Palibe chowongolera cha m'foni chimene chingapirire mphamvu yotere, ndipo chitetezo chodalirika ndi kuzula tchaja pasoketi kukamachita ziphaliwali.

Mabungwe oyang'anira ndi kagulidwe ka boma

M'dziko muno, bungwe la MACRA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la zamtokoma ndi mauthenga la m'chaka cha 1998, ndilo limavomereza mitundu ya zipangizo zolumikizirana. Bungwe loona za miyezo la MBS, lomwe linayamba m'chaka cha 1972, limayang'anira ubwino wa katundu wolowa m'dziko. Bungwe la MERA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 2004, limapereka ziphaso kwa oitanitsa ndi oika zipangizo za sola. Kagulidwe ka katundu wa boma kamayang'aniridwa ndi bungwe la PPDA.

Makomiti ogula katundu m'maunduna ndi m'makhonsolo angapindule polemba zofunika zingapo m'zikalata zoitanira ogulitsa. Kuwonjezera pa kukula kwa batire, chikalata chitchule dzina la purosesa ndi maola amene chipangizo chimagwira ntchito chikayesedwa pa ntchito yeniyeni imene chikugulidwira. Chitchulenso kuti tchaja ikhale yochokera kwa wopanga, kuti mabatire osinthira azipezeka, ndi kuti kabowo kotchajira kakhale ka USB-C n'cholinga choti matchaja azibwerekanidwa.

Malamulo a mayiko a European Union angakhale poyambira poyerekezera. Kuyambira pa 28 Disembala 2024, mafoni ndi matabuleti atsopano ogulitsidwa m'mayikowo ayenera kukhala ndi kabowo ka USB-C. Kuyambira pa 20 Juni 2025, mabatire ake ayenera kupirira kutchajidwa ndi kutha maulendo osachepera 800 akusungabe magawo 80 mwa 100 a mphamvu yake yoyamba.

Mabatire otha ntchito, makamaka otupa, sayenera kutayidwa kudzala kapena kutenthedwa pamodzi ndi zinyalala chifukwa amaphulika. Kasamalidwe ka zinyalala zoopsa kali pansi pa bungwe la MEPA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la zachilengedwe la m'chaka cha 2017.

Ntchito yofikitsa magetsi kumidzi

Boma lakhala likukoka nthambo kupita kumalo ochitira malonda a kumidzi kudzera m'ndondomeko ya MAREP, yomwe inayamba m'chaka cha 1980. M'chaka cha 2019, Banki Yaikulu Padziko Lonse inavomereza madola 150 miliyoni a ntchito yowonjezera chiwerengero cha anthu ogwiritsa ntchito magetsi, ndipo gawo lina la ndalamazi linapita ku thumba la Ngwee Ngwee Ngwee lothandiza makampani ogulitsa masola a m'nyumba.

Ku Golomoti m'boma la Dedza, loyandikana ndi Ntcheu, malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20 okhala ndi mabatire a lithium anayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2022. Chaka chomwecho mu Januwale, namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, zomwe zinachititsa kuti magetsi azizimazima kwa nthawi yoposa chaka, ndipo ngakhale maofesi a m'matauni anadalira mabatire.

Mu Januwale 2025, dziko la Malawi linali m'gulu la mayiko amene anapereka mapulani awo pa msonkhano wa Mission 300 ku Dar es Salaam, womwe cholinga chake ndi kufikitsa magetsi kwa anthu 300 miliyoni mu Africa pofika m'chaka cha 2030. Kufikira nthambo kapena masola okwanira atafika m'mudzi uliwonse, ntchito za boma kumadera monga Nzama zipitiriza kudalira moto umene foni yasunga kuchokera pamene inatchajidwa komaliza.